Kukoleji nako kumafuna phungu

Sukulu yaukachenjede ya Dartmouth, yomwe ili m'chigawo cha New Hampshire ku America, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1769. Chikalata choikhazikitsa chidanena poyera kuti ina mwa ntchito zake ndi kuphunzitsa ana a eni nthaka, anthu amene Azungu adawapeza m'dzikomo atawoloka nyanja. Ndalama zambiri zoimikira sukuluyo adakazitolera ku Britain ndi mbusa wina wa mtundu wa Mohegan, Samson Occom, yemwe adayendayenda m'matchalitchi kumeneko kupempha thandizo la maphunziro a ana a mtundu wake. Koma patatha zaka 200, ana a eni nthaka amene adatuluka pasukuluyo ndi digiri m'manja adali 19 okha.

Ine ndine mphunzitsi pasukulu ya sekondale yoyendera kumudzi. Maina a osankhidwa kupita kusukulu zaukachenjede akatuluka, pakapezeka mwana mmodzi kapena awiri a kwathu, nthungululu zimamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Nambala ya 19 ija ndiyo idandichititsa kuyamba kuwerenga za eni nthaka a ku America, pofuna kudziwa chimene chimachitika nthungululu zikatha, mwana ali yekha ndi sutikesi yake pageti la koleji.

Anthuwa ena amawatchula kuti Amwenye a ku America, dzina lomwe lidabwera chifukwa Christopher Columbus atafika kumeneko mu 1492 ankaganiza kuti wafika ku India. Si mtundu umodzi ayi. Boma la America limazindikira mitundu yoposa 570, uliwonse ndi mbiri yake. Umodzi mwa ikuluikulu ndi wa a Navajo, omwe eni ake amadzitcha Diné. Dera lawo lili m'zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah, ndipo kukula kwake kumaposa theka la Malawi. Chimene chidandisangalatsa n'chakuti nawonso mwana amatenga fuko la kuchikazi, ndipo kale mwamuna ankakakhala kwawo kwa mkazi, monga chikamwini cha kwathu kuno.

Kwa anthu amenewa mawu oti sukulu ali ndi zipsera. Mu 1864 asilikali a boma adasamutsa a Navajo zikwizikwi, n'kuwayendetsa wapansi mtunda wautali kupita kumalo otchedwa Bosque Redondo, ndipo ambiri adafera m'njira ndi kumaloko. Pangano la mu 1868 lomwe lidawalola kubwerera kwawo lidati ana azipita kusukulu, boma n'kulonjeza chipinda ndi mphunzitsi mmodzi pa ana 30 alionse. Ife aphunzitsi tikamva nambala imeneyi timangoseka chamumtima. Koma maphunziro amene adabweradi adali a mtundu wina. Mu 1879 msilikali wina, Richard Henry Pratt, adatsegula sukulu yogonera ya Carlisle ku Pennsylvania, ndipo sukulu zina zambiri zidatengera pomwepo. Ana ankatengedwa kwa makolo awo, kumetedwa tsitsi, kupatsidwa maina achizungu ndi kulangidwa akalankhula chinenero chawo. Pratt sankabisa cholinga chake: kupha chikhalidwe chonse cha mwanayo kuti patsale munthu wonga Mzungu. Ife amene tidalimako bwalo la sukulu chifukwa chogwidwa tikulankhula Chichewa tingamveko pang'ono fungo lake, koma zawo zidali zoopsa kwambiri. Ku Carlisle kuli manda a ana amene sadabwerere kwawo.

Ndiye mdzukulu wa anthu oterewa akamapita kukoleji, amanyamula mafunso amene mnzake wa m'tauni sawadziwa. Kodi ndikabwerako ndili yemweyu? Kodi agogo akandizindikira?

Nkhani imene idanditsegula maso ndi ya Lori Arviso Alvord, mayi woyamba wa mtundu wa Navajo kuvomerezedwa kukhala dokotala wochita maopaleshoni. Mbiri yake adailemba m'buku lotchedwa The Scalpel and the Silver Bear, lomwe lidatuluka mu 1999. Iye adakulira ku Crownpoint, katauni kakang'ono ka m'dera la a Navajo ku New Mexico. Kusekondale ankakhoza bwino, koma sukulu yake idali yosowa zambiri, ndipo maloto ake sankapita patali. Zinthu zidasintha atakumana ndi mnyamata wina wa mtundu wake yemwe ankaphunzira ku Princeton. Mnyamatayo ndiye adamuuza kuti kuli sukulu zotere, ndiponso kuti ku Dartmouth kuli ana a eni nthaka ochulukirapo. Izi zidali choncho chifukwa mu 1970 mkulu watsopano wa sukuluyo, John Kemeny, adalonjeza kukwaniritsa lonjezo lakale lija, ndipo adayamba kufunafuna ana otere ndi kukhazikitsa ofesi yowasamalira.

Atafika kumeneko, mtsikanayu adapeza kuti ulemu umene adaleredwa nawo wasanduka chopinga. Kwa a Navajo, mwana wamakhalidwe sayang'ana munthu wamkulu m'maso, sadzitama, sathamangira kuyankha kuti aoneke wanzeru kuposa anzake. Kukoleji kuja ankayamikira wokweza dzanja, wotsutsana ndi mphunzitsi, wodziwa kudzigulitsa. Wokhala chete ankaoneka ngati mutu mulibe kanthu. Masamu ndi sayansi zidamuvuta chifukwa cha maziko ofooka a kusekondale, koma iye adangoganiza kuti nzeru zake ndiye zachepa. Adazisiya n'kutenga maphunziro a za maganizo ndi kakhalidwe ka anthu, ndipo adamaliza mu 1979. Chidamusunga pasukulupo ndi gulu la ana anzake a eni nthaka, omwe ankadyera limodzi, kuimba ndi kuvina magule a kwawo. Ena mwa anzakewo sadamalize.

Apa ndi pamene ndimaima kawirikawiri ndikamaganiza za nkhaniyi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. N'zoona, koma mwambiwu umayesa kuti wofunsidwayo alipo, ndiponso kuti mwanayo akudziwa choti afunse. Mtsikana wa zaka zosakwana 20 amene walephera masamu safunsa kuti "kodi vuto ndi sukulu imene ndidachokera?" Amangotseka buku n'kudziweruza yekha. Pamafunika wina woti aone chimene chikuchitika, amuyandikire asanaitanidwe.

Kwa Alvord munthu woteroyo adapezeka mochedwa, koma adapezeka. Atamaliza digiri adakalowa ntchito yothandizira pa kafukufuku wa zachipatala mumzinda wa Albuquerque. Dokotala amene ankayang'anira kafukufukuyo adaona kagwiridwe kake ka ntchito n'kumuuza kuti akaphunzire udokotala. Iye adabwerera m'kalasi ku University of New Mexico kukatenganso sayansi yomwe adaithawa ija, ndipo ulendo uno adakhoza. Sukulu ya udokotala ya Stanford ku California idamutenga, adamaliza mu 1985, n'kupitiriza zaka zina zisanu ndi chimodzi akuphunzira maopaleshoni. Munthu yemweyo, mutu womwewo.

Ku Stanford kudali phiri lina. Mwambo wa a Navajo umaletsa kukhudza mtembo, pomwe wophunzira udokotala amayenera kung'amba thupi la munthu wakufa kuti adziwe m'kati mwake. Mphunzitsi wachizungu, ngakhale wokoma mtima chotani, sakadamva kulemera kwa chinthu chimenechi. Pa nthawi ya maphunziro ake Alvord adakumana ndi Ron Lujan, dokotala wochita maopaleshoni wa mtundu wa Pueblo, omwe ndi eni nthaka anansi a a Navajo. Lujan adamutenga n'kumamuonetsa ntchito pakati pa odwala a mitundu yawo. Adamuphunzitsa kagwiridwe ka mpeni, inde, koma chachikulu n'chakuti mtsikanayu adaona ndi maso ake munthu wonga iye ataima m'chipinda cha opaleshoni, akulankhula ndi odwala mwaulemu wa kwawo, osasiya kukhala amene ali.

Tawerengani anthu atatuwo: mnyamata wa ku Princeton, dokotala wa kafukufuku, ndi Lujan. Palibe mwa iwo amene adamulipirira fizi kapena kumulembera mayeso. Chizungu chili ndi dzina lake la munthu wotere, koma ife tili nalo kale lathu. Kuchinamwali, namkungwi amalangiza anamwali onse pamodzi, pomwe phungu ndi wa namwali mmodzi. Amakhala naye pafupi, kumunong'oneza pogwada ndi poyankha, kumutanthauzira zimene namkungwi wanena mophiphiritsa, ndipo namwali akalakwa phungu naye amachita manyazi. Masiku ano tikamva kuti phungu timangoganiza za galimoto yaikulu ndi Nyumba ya Malamulo, koma tanthauzo lakalelo ndilo likusowa m'makoleji. Mphunzitsi wa kuyunivesite ndi namkungwi. Ali ndi ophunzira mazana, sangadziwe kuti uyu wagona ndi njala kapena kuti uyo akuopa kugogoda paofesi.

Chimene eni nthaka a ku America adachita n'kukana kuti kupeza phungu kukhale kwa mwayi chabe. Mu 1968, patatha zaka 100 chisainireni pangano lija, a Navajo adatsegula koleji yawoyawo, yoyamba kuyendetsedwa ndi mtundu wa eni nthaka. Lero imatchedwa Diné College ndipo likulu lake lili ku Tsaile, Arizona. Kumeneko chinenero ndi mbiri ya a Navajo zimaphunzitsidwa pambali pa sayansi, ndipo akuluakulu odziwa mwambo amalowa m'kalasi ngati aphunzitsi. Mitundu ina idatengera chitsanzo, moti makoleji otere tsopano alipo oposa 30. Ophunzira ambiri amayambira pamenepo, pafupi ndi kwawo, kenako n'kusamukira kumayunivesite aakulu mapiko atalimba. Mu 1989 kudabadwa bungwe la American Indian College Fund lothandiza ndi fizi.

Pa nkhani yokonzekera ntchito, bungwe limene ndimalisirira ndi AISES, lomwe adaliyambitsa mu 1977 ndi asayansi ndi mainjiniya a mitundu ya eni nthaka. Lili ndi nthambi m'makoleji ambiri, ndipo chaka chilichonse limachititsa msonkhano waukulu komwe ophunzira amaonetsa kafukufuku wawo ndi kukumana maso ndi maso ndi makampani ofuna antchito. Wophunzira amathandizidwa kulemba kalata yofunsira ntchito, kuyeserera intaviyu, ndi kupeza malo ophunzirira ntchito pa tchuthi. Kwa mwana wa bwana zimenezi n'zazing'ono, poti amazimva patebulo akudya ndi bambo ake. Kwa mwana woyamba m'banja kufika kukoleji, ndi chinenero chachilendo. Tangoganizani woleredwa kuti kudzitama n'chipongwe, lero akufunsidwa kuti afotokoze chifukwa chimene akuposera anzake onse. Injiniya wa mtundu wake amene adadutsamo kale ndiye angamuonetse kuti angathe kunena zimene adachita, ndi amene adamuthandiza, popanda kudzimva kuti wanyoza makolo. Kumbali ya zachipatala, University of North Dakota ili ndi pulogalamu ya Indians Into Medicine kuyambira mu 1973, ndipo iyo imayamba kuwatola ana adakali kusekondale, n'kumawaitana pa tchuthi kudzalimbitsa masamu ndi sayansi. Bwenzi Alvord atadutsa pamenepo, mwina sakadataya zaka zija akudziyesa mbuli.

Sindikufuna kukometsa mopitirira. Uphungu sulipira lendi, ndipo wophunzira wanjala ngakhale umulangize usiku wonse m'mawa adzukabe ndi njala. Palinso vuto lakuti aphunzitsi a kuyunivesite ochokera m'mitundu imeneyi ndi ochepa, choncho mmodzi yemweyo ndiye amathamangiridwa ndi mwana aliyense wa mavuto, uku akuyenera kuphunzitsa ndi kulemba kafukufuku wake. Ntchito yotere kawirikawiri siiwerengedwa pokweza munthu paudindo. Ndimakayikiranso uphungu wa papepala, woti ofesi yangolumikiza maina awiri n'kulemba lipoti. Lujan sadapatsidwe Alvord ndi komiti.

Zimene ndawerengazi sindingazisamutse zonse kubwera nazo kuno, poti ife sitili ochepa m'dziko lathu lomwe monga alili a Navajo. Koma mtsikana wa Fomu 4 amene amagwada popereka kope, n'kumayankha maso ali pansi, ndimamuona tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti akakafika ku Zomba kapena ku Bunda adzakhala m'kalasi limodzi ndi ana amene adagwira maikulosikopu ali Fomu 1, pomwe iye adangoiona pachithunzi chojambulidwa ndi choko. Akadzalephera mayeso oyamba adzaganiza zomwe Alvord adaganiza. Chimene ndingathe ine, wa dipuloma yanga, n'kumupatsa nambala ya foni ya mnzake amene adachoka pasukulu pathu zaka ziwiri zapitazo, ndi kumuimbira mnzakeyo kuti akamuchingamire kudepoti.

Alvord atamaliza maphunziro mu 1991 adabwerera kwawo kukagwira ntchito pachipatala cha ku Gallup, komwe odwala ambiri ndi a Navajo. Kumeneko adayenera kuphunziranso zina zomwe Stanford idamuiwalitsa: kusathamangira kugwira thupi la wodwala, kudikira kuti nkhalamba imalize kulankhula, ndi kulemekeza wodwala amene akufuna kuti oimba a mwambo amuchitire mapemphero a kwawo pambali pa opaleshoni. Chiphaso chomuvomereza kukhala katswiri adachilandira mu 1994. Mu 1997 Dartmouth idamuitana, ndipo mpaka 2009 adali mmodzi wa akuluakulu a sukulu yake ya udokotala. Ofesi imene adapatsidwa idali yoona za ophunzira.