Mdipiti wa ku Blantyre, matope a kwa Mlolo

Munthu wa kwa Mlolo ku Nsanje akamva a ku Blantyre akudandaula za kuthithikana kwa galimoto mumsewu wa Masauko Chipembere, angayese kuti nkhaniyo njakutali. Komatu imamukhudza m'thumba. Ndalama zambiri zokonzera misewu m'dziko muno zimachokera pa msonkho wa petulo ndi dizilo, ndipo zimalowa m'thumba la Roads Fund Administration. Msonkhowu susankha. Wakabaza amene njinga yake yamoto ikuterereka m'matope pakati pa Muona ndi Makhanga amalipira zofanana pa lita ndi bwana amene wakhala yekha m'galimoto pa Ginnery Corner 7 koloko m'mawa. Chonsecho bwanayo akudya chinthu chimene sanagule: malo pamsewu panthawi imene aliyense akuwafuna. Galimoto yake imachedwetsa minibasi zonse za kumbuyo kwake, ndipo nthawi yotayikayo amailipira ndi ena.

Nchifukwa chake ndikuti wolowa pakati pa mzinda ndi galimoto yakeyake nthawi yothithikana azilipira padera. Singapore idayamba zimenezi mu 1975, London mu 2003, ndipo galimoto zolowa m'katikati zidachepa. Kukulitsa msewu kokha sikuthetsa vuto, poti msewu ukatakasuka umakoka galimoto zina, ndalama zonse nkuthera m'tauni momwemo.

Ena amati msewu ngwa tonse, sugulitsidwa. Amenewo akaone ku Mtayamoyo. Chidukireni pamenepa njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, anthu a kwa Mlolo akhala akuwoloka pabwato: munthu kulipira, njinga kulipira, thumba la chimanga kulipiranso. Wosafuna bwato azungulire ku Thabwa, akawolokere pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, ulendo wautali wofuna mafuta ambiri, kungoti akafike ku boma lake lomwe la Nsanje. Ulendo waulere anthuwa saudziwa, ndipo amene amalipira modula chonchi ndi osaukitsitsa.

Dandaulo lomveka ndi lakuti eni minibasi angakweze mtengo, mtolo nkugwera wokwera. Nzoona kuti chipata cha pamsewu cha Chingeni, chimene chidatsegulidwa mu 2021, ndi cha Kalinyeke cha mu 2022, zimalipiritsa wodutsa, kaya ndi masana kaya ndi usiku. Koma malipiro a m'tauni angasiyane nazo: minibasi ndi mabasi azidutsa ulere, popeza amanyamula ambiri pamalo ochepa, ndipo msewu ukapepuka amapanga maulendo ochuluka patsiku.

Chovuta chenicheni nchikhulupiriro. Amalawi amakayika, ndipo sakulakwa, ngati ndalama zotere zimafikadi pamsewu. Choncho lamulo lokhazikitsa malipirowa lineneretu gawo lopita ku misewu ya kumidzi, boma lizilengeza zimene latolera mwezi uliwonse, ndipo msewu wa Thabwa mpaka Muona ukhale pakati pa yoyamba kupindula.