Malasha odutsa ku Mwanza ndi zigoba za m'nyanja yamchere

Sitima ya malasha ochokera ku Moatize ku Mozambique imadutsa m'boma lathu la Mwanza ndi la Neno mpaka pa Nkaya, kenaka n'kulunjika kudoko la Nacala. Njanji yonseyo kuchokera kumgodi kukafika kunyanja ndi makilomita oposa 900. Ambiri timangoona mabogi akuda akutsatana mpaka maso kutopa. Ine ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'nyanja zamchere, choncho ndikawaona ndimaganiza za komwe malashawo akathere. Akafika ku India ndi maiko ena amatenthedwa m'ng'anjo zosungunulira zitsulo ndi zopangira magetsi. Tani imodzi ya malasha ikapsa imatulutsa matani oposa awiri a mpweya wa kaboni dayokisaidi. Mwa mpweya wonse wotere umene anthu timatulutsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limamwedwa ndi nyanja zamchere. Ndiye kuti ena mwa malasha odutsa kwathu kuno amakathera m'madzi, ngakhale a ku Nacala komweko, atasanduka asidi.

Anthu akamva zakuti nyanja ikuchuluka asidi amandifunsa ngati madzi ake ayamba kuwawasa kapena kuotcha khungu. Ayi. Tili ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi a mandimu ali cha pa 2, madzi oyera bwino ali pa 7, ndipo chidulo chimene amayi amacheza kuchokera ku phulusa chili pamwamba pa 10. Madzi a m'nyanja yamchere ali mbali ya chidulo. Mafakitale asanachuluke ku Ulaya anali cha pa 8.2, lero ali cha pa 8.1. Kutsika kwa 0.1 kumaoneka ngati nkhambakamwa chabe, koma muyeso umenewu suwerengedwa ngati masentimita. Kutsika ndi sitepe imodzi yathunthu kumatanthauza kuti asidi wawonjezeka kakhumi, choncho kachidutswa ka 0.1 kameneka kakuimira kuwonjezeka kwa pafupifupi 30 peresenti. Ngati dziko lipitiriza kutentha malasha, mafuta ndi gasi monga lichitira, pofika chaka cha 2100 nambalayo ikhoza kutsikira cha pa 7.8 kapena 7.7.

Chimene chimachitika m'madzimo n'chosavuta, wophunzira wa Fomu 3 akhoza kuchitsata. Mpweya uja ukasungunuka m'madzi umapanga asidi wofooka. Asidiyo amakagwira kaboneti, mchere wina wopezeka m'madzi a m'nyanja. Vuto lake n'lakuti kaboneti yemweyo ndiye amene nkhono ndi tizilombo ta makorale timagwiritsa ntchito pomanga zigoba ndi matanthwe. Timamuphatikiza ndi kashiamu n'kupanga mwala wofanana ndi uja amakumba ku Balaka popanga laimu. Chigoba cha dzira la nkhuku n'chopangidwa ndi zomwezo. Chiviikeni m'madzi a mandimu, muona tithovu tikutuluka ndipo m'kupita kwa nthawi chigoba chifewa. Nyanja siifika pamenepo, koma njira yake ndi yomweyo: kaboneti akachepa, kanyama kamataya mphamvu zambiri pomanga chigoba, mphamvu zomwe kakanakulira kapena kuberekera. Amene amavutika kwambiri ndi ana ake, poti chigoba chawo choyamba amachimanga m'masiku oyambirira penipeni, asanayambe n'kudya komwe.

Tikudziwa bwanji kuti si nkhani yongoganizira? Mu 1958 Charles Keeling anayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii ndipo anapeza magawo pafupifupi 315 mwa magawo miliyoni a mpweya wonse. Lero tadutsa 420, pomwe mafakitale asanabwere anali cha pa 280. Kuyambira 1988 akatswiri akhala akutunganso madzi pa malo amodzi m'nyanja pafupi ndi Hawaii, otchedwa Station ALOHA. Mukaika zotsatira ziwirizi pa pepala limodzi, mzere wa mpweya ukukwera, mzere wa pH ukutsika, chaka ndi chaka. Pa nkhani zonse za kusintha kwa nyengo, iyi ndiyo ilibe potsutsira. Za mvula ya chaka chamawa tikhoza kukangana mpaka kucha, koma zakuti mpweyawu ukalowa m'madzi umapanga asidi tikhoza kuziyesa m'botolo pa tebulo.

Kuyezako kumafuna kuleza mtima. Timatsitsa mabotolo otsekeka okha pa kuya kosiyanasiyana, n'kuthira madziwo m'botolo lagalasi mosamala kuti musalowe kathovu ngakhale kamodzi, chifukwa kathovu kamodzi kakwanira kuononga zotsatira. Timadonthezamo mankhwala opha tizilombo kuti tisapitirize kupuma m'botolomo. Ku labotale timathira utoto wosintha mtundu malinga ndi asidi, makina n'kuwerenga mtunduwo. Kusintha kumene tikufuna ndi pafupifupi 0.002 pachaka, pamene m'mphepete mwa nyanja pH imakwera ndi kutsika kuposa pamenepo pakati pa m'mawa ndi madzulo a tsiku limodzi. N'chifukwa chake kuyeza kwa chaka chimodzi sikutiuza kanthu. Pamafunika zaka makumi, pa malo omwewo, m'njira yomweyo. Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Indian ntchitoyi yayamba mochedwa kwambiri, ndipo bungwe la WIOMSA la ku Zanzibar ndi limodzi mwa amene akuikankha. Zimandiwawa kuti gombe lodyetsa anthu mamiliyoni lili ndi manambala ochepa kuposa gombe la ku America.

Amene anayamba kulira ndi ndalama ndi alimi a nkhono za oyisitara ku Oregon, ku America. Mu 2007 ndi 2008 ana a nkhonozi pa malo oswetsera a Whiskey Creek ankafa mwaunyinji. Poyamba anaganiza kuti ndi matenda, koma kafukufuku anaonetsa kuti imfazo zinkatsatana ndi masiku amene mphepo inkavundula madzi a pansi okhala ndi kaboni wambiri. Anadzipulumutsa poyeza madzi asanawalowetse m'matanki ndi kuthiramo soda wochepetsa asidi. Iwo anatha kutero chifukwa ali ndi matanki. Mayi wotola nkhono pa gombe la Inhaca kapena la Inhambane ku Mozambique madzi akaphwa alibe tanki yoti athiremo kanthu.

Ndinene mosabisa kuti si zamoyo zonse zimene zidzavutike mofanana, ndipo sindigwirizana ndi anzanga amene amaopseza anthu kuti nsomba zonse zitha. Nsomba zazikulu zimatha kusunga magazi awo bwino ngakhale madzi asinthe pang'ono. Panali kafukufuku wotchuka wonena kuti asidi amasokoneza nzeru za tinsomba ta m'matanthwe mpaka tizisambira kulunjika kwa adani, koma mu 2020 gulu lina litabwereza zoyesazo silinapeze zimenezo. Udzu wa pansi pa nyanja mwina ungakule bwino. Chimene chimandisowetsa tulo ndi makorale. Matanthwe a ku Bazaruto ndi ku Quirimbas akumenyedwa mbali ziwiri: kutentha kwa madzi kumawayeretsa ndi kuwapha, monga zinachitikira mu 1998 m'chigawo chonsechi, pomwe asidi amachedwetsa kumanganso kwake. Matanthwewo ndiwo mosweramo nsomba, ndiwo amakopa alendo, ndiponso ndiwo amathyola mphamvu ya mafunde asanafike kumtunda.

Wa ku Mwanza angafunse kuti zikumukhudza bwanji iye wolima manachesi kumapiri a Kirk Range. Imani pa chipata cha Mwanza tsiku limodzi muwerenge magalimoto ochokera ku Beira kudzera ku Tete ndi Zobue. Mafuta, feteleza ndi katundu wa m'masitolo zimadutsa pamenepo. Karapao wa pamsika ndi nsomba ya m'nyanja yamchere. Namondwe Idai atasakaza Beira mu Malichi 2019 tinaona kuti gombe likavulala, ifenso akumtunda timatsimphina. Asodzi a m'mphepete mwa nyanja akasowa chogwira, mtengo wa ndiwo umakwera kuchigawo chonse, ndipo nkhwangwa imakagwera usipa ndi chambo zathu zomwe zatopa kale.

Nthawi zina ndimamva anthu akuloza chala wootcha makala wa ku Thambani ngati kuti ndiye akuononga dziko lonse. Kutha kwa nkhalango ya Thambani ndi tsoka lathu lenileni, chifukwa mitsinje ikuuma ndipo nthaka ikukokoloka kupita ku Shire ndi Zambezi. Koma pa asidi wa m'nyanja tisamusenzetse mtolo wa eni ake. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi tani 0.1 ya mpweyawu pachaka kuchokera ku mafuta ndi malasha, pamene wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Mankhwala ake ndi amodzi, kuchepetsa mpweyawo kumene ukutulukira, ndipo ngakhale utasiya lero, nyanja idzatenga zaka masauzande kuti ibwerere mwakale.

Malawi ali ndi mawu pa nkhaniyi kuposa momwe timaganizira. Mu 2024 a Evans Njewa anakhala wapampando wa gulu la maiko osaukitsitsa pa zokambirana za nyengo za United Nations, ndipo cholinga 14.3 cha chitukuko cha dziko lonse chikunena za asidi wa m'nyanja mwachindunji. Ndikufuna nthumwi zathu zizilankhula za nyanja limodzi ndi anzathu a ku Mozambique ndi Tanzania, osaganiza kuti ndi nkhani ya eni gombe okha. Kwathu kuno, madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malawi nawonso ali mbali ya chidulo, muli nkhono za zigoba, ndipo akukhudzana ndi mpweya womwewo. Boti limodzi lochokera ku Monkey Bay lotunga madzi pa malo amodzi mwezi uliwonse, kwa zaka 30 osadukiza, lingatipatse manambala athuathu pa ndalama zochepa kuposa za kilomita imodzi ya msewu wa phula.