Makina ong'anima ochotsa ndevu amawotcha khungu lakuda

ULÓNGUÈ — Ikayandikira Khirisimasi, mabasi ochokera ku Johannesburg amatsitsa katundu wambiri pa Zóbuè ndi pa Calómuè. M'zikwama za ana athu mumakhala mabulangete, mafoni ndi nsapato za agogo, ndipo masiku ano muthanso kupezamo kachipangizo konga kansimbi, komwe akuti kamachotsa ndevu ndi cheya pongowalitsa. Dzina lake ndi IPL.

Mayi amene wamera ndevu pachibwano akudziwa yekha mmene kuseka kwa pa mjigo kumapwetekera. Ena amazula ndi zikhadabo, ena amameta ndi lezala m'mamawa anthu asanadzuke. Tsono mwana akamubweretsera kachipangizoka, ndani angakane?

Makinawa anawatulukira Shimon Eckhouse wa ku Israel cha m'ma 1992, ndipo mu 1995 boma la America linawavomereza pothandiza timitsempha tooneka pamiyendo. Zochotsera tsitsi zinabwera pambuyo. M'kati mwake muli nyali yong'anima ngati mphenzi. Kuwalako kukagwera pa chinthu chakuda kumasanduka kutentha, monga mmene malaya akuda amatenthera kuposa oyera dzuwa la Okutobala likaswa mtengo. Tsitsi lakuda limamwa kuwalako, kutentha n'kutsikira kumuzu ndi kuufoola.

Vuto lili apa. Chomwe chimadetsa tsitsi, chotchedwa melanin, n'chomwecho chimadetsa khungu lathu, ndipo nyaliyo siisiyanitsa. Kwa mzungu wa tsitsi lakuda, moto umalunjika pa tsitsi lokha. Kwa ife khungu nalo limamwa kuwalako, motero limapsa, kutuluka matuza, kenaka n'kutsala mawanga akuda bii kapena oyera amene amatha miyezi osazimirira. Amene thupi lawo limapanga zipsera zotupa, zonga zija zimamera poboola makutu, achenjere kwambiri. Kuwalako kumavulazanso maso.

Opanga makinawa akudziwa zimenezi. Pa katoni kapena m'kabuku kake amajambula mitundu ya khungu, ndipo pa khungu lakuda kwambiri amalembapo kuti ayi. Ena amaika kachida koyeza khungu kuti nyali ikane kuyaka. Koma otchipa ambiri alibe kachidako, ndipo malangizo ali m'Chingerezi kapena Chitchaina, chomwe ngakhale mphunzitsi wa pasukulu yathu sangatimasulire. Imvi nazo makinawa sachotsa, popeza mulibe chakuda choti chimwe kuwala.

Wina angati, ndiyambe ndadziyeretsa ndi mafuta a pamsika. Kumeneko n'kuwonjeza vuto. Mafuta ambiri oyeretsa khungu ali ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol, omwe amapepuza khungu, ndipo kwa amayi ena ndi mafuta omwewo amameretsa cheya kumaso.

Madokotala a khungu m'mizinda ikuluikulu ali ndi makina a mtundu wina, laser yotchedwa Nd:YAG, imene kuwala kwake kumalowa mozama osawotcha kwambiri pamwamba. Imeneyo ndiyo iyenera khungu lakuda, koma imafuna katswiri, ndalama zambiri ndi maulendo asanu ndi limodzi kapena kuposa, motalikirana masabata angapo, chifukwa tsitsi silimera lonse nthawi imodzi. Ngakhale zitatero limangochepa, silitheratu.

Chofunika kwambiri ndi kufunsa chimene chameretsa ndevuzo. Titsitsi tiwiri titatu kwa mayi amene wasiya kusamba si matenda, ndipo m'mabanja ena n'zakumtundu. Koma mtsikana kapena mayi amene ndevu zabwera pamodzi ndi ziphuphu, kudumphitsa kumwezi kapena kuvutika kutenga pathupi, mwina ali ndi vuto la m'mabasiketi a mazira lomwe achipatala amati PCOS, ndipo chithandizo chake chilipo. Ngati ndevu zabuka mwadzidzidzi, mawu n'kuyamba kukula ngati a bambo, asazengereze. Apite ku chipatala chapafupi, anyamule ndi mafuta onse amene amadzola kuti anamwino akawaone.