Kuchuna Kiyibodi Kuti Imvane ndi Bangwe

Ambirife amene timakhala pa kiyibodi tsiku la Sabata timadziwa mabatani atatu okha: la Voice posankha mawu a piyano kapena ogani, la Style poyambitsa ng'oma, ndi la Transpose wotsogolera nyimbo akayamba mokweza kwambiri. Koma m'makiyibodi ambiri a Yamaha ndi Korg amene ali m'matchalitchi athu muli tsamba lina lomwe sitilitsegula. Pa Yamaha limatchedwa Scale Tune. Tsambali limalola munthu kukweza kapena kutsitsa kiyi iliyonse payokha, pang'ono pokha, osafika pa kiyi yoyandikana nayo. Limaoneka ngati la akatswiri ojambula nyimbo, chonsecho limayankha funso lomwe ife a kunyanja takhala nalo kuyambira kale: n'chifukwa chiyani nyimbo imene agogo amaimba bwinobwino ndi bangwe ku Nkhotakota imamveka yokhota tikangoiika pa kiyibodi?

Tiyambe ndi muyeso. Kuchokera pa do kufika pa do wapamwamba, kiyibodi ili ndi masitepe 12, kuwerenga makiyi oyera ndi akuda. M'chaka cha 1885 Mngelezi wina, Alexander Ellis, pofuna kuyerekeza nyimbo za mitundu yosiyanasiyana, anagawa sitepe iliyonse m'tizigawo 100 totchedwa masenti. Choncho mtunda wonsewo ndi masenti 1,200. Kiyibodi ikamachoka kufakitale, masitepe onse 12 amakhala ofanana ndendende, ndipo machunidwe amenewa amalembedwa kuti Equal. Anafala pa mapiyano a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 chifukwa cha ubwino umodzi waukulu: woimba akhoza kuyambira nyimbo pa kiyi iliyonse popanda kuchunanso chida. Mtengo wake ndi wakuti mawu ambiri anasunthidwa pang'ono kuchoka pamene khutu limawafuna.

Izi mukhoza kuziyesa lero lomwe. Sankhani mawu a ogani, dinani C ndi E pamodzi, musachotse zala. Mukatchera khutu mumva kuti mawuwo akugwedera ngati madzi a m'ngalawa. Chifukwa chake n'chakuti mi wa pa kiyibodi ali pa masenti 400, pomwe mi amene amakhazikika bwino pamwamba pa do ali pa 386. Anyamata anayi odziwa kuimba popanda chida amatsitsa mi wawo okha mpaka mawu atagwirana, osadziwa n'komwe kuti atero. Ndiye tikamva kwaya ikudandaula kuti kiyibodi ikuisokoneza pa nyimbo yodekha ya mu Khristu mu Nyimbo, tisafulumire kunena kuti oimba tena ndi ogontha. Pa Scale Tune pali machunidwe okonzeratu otchedwa Pure Major. Mukawasankha, n'kuika Base Note pa kiyi imene nyimbo ikuimbidwira, kugwedera kuja kumatha. Vuto lake ndi lakuti nyimbo ikasintha kiyi muyenera kusinthanso Base Note, apo ayi zimamveka zoipa kuposa poyamba.

Masenti 14 ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ili pa zida zathu.

Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958, ndipo anafika mpaka ku Visanza, komwe lero ndi ku Ntchisi koma nthawi imeneyo kunali pansi pa boma la Kota Kota. Ankayenda ndi bokosi la mafoloko ochunira 54, ndipo ankayeza nawo nsambo kapena thabwa lililonse la chida n'kulemba. Pambuyo pake Wim van Zanten wa ku Netherlands anayeza bangwe ndi valimba za Asena a ku Chigwa cha Shire, n'kusindikiza zimene anapeza mu 1980 m'magazini ya African Music. Anaona kuti oimbawo amagawa mtunda wa do ndi do m'masitepe asanu ndi awiri pafupifupi ofanana. Gawani 1,200 ndi 7, mupeza masenti 171 ndi kanthu pang'ono. Sitepe yotere pa kiyibodi palibe. Imaposa 100, siifika 200. Liwu lachitatu limagwera pa 343, pakati pa E ndi kiyi yakuda ya kumanzere kwake, pamene chala sichingalowe. Woimba valimba wa ku Nsanje sakuphonya mi. Mi wathuyo sakumufuna n'komwe.

Kuti kiyibodi iyankhule chotere, njira yake si yovuta. Pa makiyibodi a mtundu wa PSR-S, dinani Function, pezani Master Tune ndi Scale Tune, mulowe pa Scale Tune. Muona mayina a makiyi 12, iliyonse ili pa 0. Mukangotsata masamu kuyambira pa C, mupeza kuti B ayenera kutsika ndi masenti 71, pomwe Yamaha imalola kutsitsa ndi 64 basi, kukweza ndi 63. Apa ambiri amagwa ulesi. Mankhwala ake ndi kukweza zonse ndi masenti 14 kuti B alowe m'malire. Ndiye ikani chonchi: C akwere ndi 14, D atsike ndi 14, E atsike ndi 43, F akwere ndi 29, G akhale pa 0, A atsike ndi 29, B atsike ndi 57. Makiyi akuda asiyeni, simuwagwiritsa ntchito. Sankhani mawu a marimba, muyende pa makiyi oyera okha.

Poyamba khutu limakana, makamaka kwa ife amene tinakulira pa do re mi kuyambira ku Sukulu ya Sabata ya ana mpaka ku sekondale ya mpingo. Pitirizani kwa mphindi khumi. Muzindikira chinthu chimene oimba valimba amachidziwa kalekale: popeza masitepe onse ndi ofanana, nyimbo mukhoza kuiyambira pa kiyi yoyera iliyonse ndipo imamveka chimodzimodzi, kungoti yakwera kapena yatsika. Azungu anafuna ufulu womwewo ndi masitepe 12. A ku Chigwa cha Shire anaupeza ndi asanu ndi awiri.

Komabe ku Nkhotakota si ku Nsanje, ndipo manambala a pamwambawa si oti tiziwaveka chida chilichonse cha kwathu. Nyimbo zambiri za m'chigawo chapakati zimayenda pa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo woimba bangwe amachuna molingana ndi khosi lake. Chidacho ndi thabwa lokhala ndi waya mmodzi wolowetsedwa m'mabowo uku ndi uku, kotero ukakoka nsambo imodzi, zinzake zimamva. Bangwe wa ku Linga ndi wa ku Dwangwa sangafanane mpaka pa senti. N'chifukwa chake njira yabwino ndi ya Tracey ija, kungoti ife mafoloko tili nawo m'foni. Pulogalamu yochunira gitala yoonetsa masenti imakwanira. Pemphani mwini chida achune yekha mpaka akhutire, kenako akhudze nsambo imodziimodzi, katatu iliyonse, pamalo opanda phokoso la mafunde kapena la injini za maboti. Foni ikati E kuchotsa 35, lembani, mukaike zomwezo pa kiyibodi. Nsambo ikakhala kutali kwambiri ndi kiyi yoyera, itengereni pa yakuda yoyandikana nayo. Mukatha, muimbireni mwini wake. Akapukusa mutu, khulupirirani iyeyo, osati foni.

Pali malire ena oti tiwadziwe. Scale Tune imabwereza manambala omwewo kuchokera kumanzere kwa kiyibodi mpaka kumanja, pomwe pa chida chenicheni do wapamwamba akhoza kupitirira kapena kuperewera pang'ono. Zida zina monga Yamaha DX7II kapena Korg Monologue zimalola kuchuna kiyi iliyonse mwa yokha m'kiyibodi yonse, koma zimenezo m'matchalitchi athu sizipezekapezeka. Ndipo batani la ACMP lizimitseni. Makodi ake anapangidwira masitepe 12, ndipo mukawasakaniza ndi machunidwe atsopanowa zimamveka ngati makwaya awiri akulimbirana maikolofoni.

Ife ophunzira zauphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza pafupi. Posachedwa tidzaima kutsogolo kwa ana pa phunziro la Expressive Arts, ndipo silabasi imafuna nyimbo za makolo. Mwana akadzaimba nyimbo ya pamtondo monga anaimvera kwa amayi ake, ife n'kudina kiyibodi n'kumuuza kuti watsika, mwanayo adzakonza. Akadzakula adzaphunzitsa ana ake yokonzedwayo, ndipo liwu la pa 343 lija lidzasowa womuimba popanda wina kuliletsa. Mawu a nyimbo tikhoza kuwalemba m'buku, magule tikhoza kuwajambula pa foni, koma machunidwe amakhala m'khutu, ndipo khutu limatsata chimene likumva tsiku ndi tsiku.

Mukapeza manambala okomera mwini bangwe, asungeni pa Registration Memory, ndipo onetsetsani kuti mwachonga Scale pa mndandanda wa zosungidwa, chifukwa magetsi akathima ntchito ya masana onse ikhoza kupita. Alembeninso m'kope, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi tsiku. Ngati kiyibodiyo ndi ya tchalitchi, bwezerani pa Equal dzuwa la Lachisanu lisanalowe, kuopa kuti mnzanu angadzayambe nyimbo yotsegulira mapemphero B ali wotsika ndi masenti 57.