Sefa ya intaneti: kuika n'kwapafupi, ntchito ili pochotsa

Mabwana a m'maofesi ndi m'masukulu muno mu Zomba akandiitana, pempho lawo limakhala lomwelomwelo: "Tatsekereniko Facebook ndi TikTok, bandulo ikutha mwezi usanafike pakati." Ambiri amayesa kuti ndiziyenda kompyuta ndi kompyuta. Koma ntchito yaikulu imachitikira pa seva, kompyuta imodzi imene zinzake zonse zimadzerapo popita pa intaneti, monga madzi a damu la Mulunguzi kuphiri kuja amayamba adutsa posefera asanafike m'mipopi ya m'tauni.

Pa seva ya Ubuntu kapena Debian ndimaika Squid, pulogalamu ya proxy yomwe imadikira pa khomo nambala 3128, kenaka e2guardian, yochokera ku DansGuardian yakale ija, yomwe imasunga mndandanda wa masamba oletsedwa. Pomaliza ndimalemba lamulo mu firewall lokakamiza makompyuta onse kudzera pamenepo. Dzuwa lisanapendeke zatheka.

Koma sefayi ilibe nzeru. Mukaiuza kuti izitseka tsamba lililonse lotchula ziwalo za thupi, wophunzira unamwino amene akufufuza za khansa ya m'mawere naye atsekeredwa kunja. Komanso masiku ano masamba ambiri amabwera otsekedwa ndi HTTPS, choncho sefa imangoona dzina la malo, zam'kati ayi. Kuti izisuzumira m'katimo, pamafunika kuika satifiketi ya sevayo pa kompyuta iliyonse. Ine ndimakana kuchita zimenezi antchito asanauzidwe, chifukwa seva yotereyi imatha kuwerenga ngakhale zimene munthu akulemba ku banki.

Tsiku lina bwana amasintha maganizo, kapena sukulu yapeza intaneti yokwanira, ndiye akuti sefa ichoke. Wophunzira ntchito amangolemba apt remove squid n'kutseka chitseko. M'mawa ofesi yonse ili chete, aliyense akudzudzula kampani ya intaneti, pomwe vuto ndi lamulo lija la mu firewall, limene likutumizabe makompyuta ku khomo lomwe kulibenso woyankha. Ndiye ndimayambira kumapeto: lamulo lichoke kaye, makonzedwe a proxy m'mabulawuza abwerere mwakale, ndiyese intaneti pa makompyuta angapo, kenaka pulogalamu ichoke ndi apt purge, popeza apt remove imasiya mafayilo a makonzedwe pomwepo.

Zimene zimandisowetsa mtendere ndi ziwiri zomwe anthu amaiwala. Choyamba, satifiketi ija ikatsala pa malaputopu, wina aliyense wopeza kiyi yake angathe kunamiza malaputopuwo kuti tsamba lake lachinyengo ndi la banki. Chachiwiri ndi fayilo ya access.log, momwe munalembedwa tsamba lililonse limene kompyuta ya mlembi kapena ya mphunzitsi inatsegula, ndi ola lake lomwe. Kuyambira mu 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo MACRA ndiyo imaliyang'anira. Seva yakale isanapite kosungira katundu kapena kugulitsidwa, ndimapempha bwana alembe pa pepala chochita ndi fayiloyo, asayine, ndipo ndimaifafaniza iye ali pomwepo.