Russel Mwafulirwa: wobadwira ku Zomba, wokumbukiridwa ndi za ku Luanda

Russel Mwafulirwa ndi katswiri wakale wa mpira wamiyendo yemwe ankasewera kutsogolo. Adabadwira ku Zomba pa 24 Febuluwale 1983, ndipo adasewerapo m'matimu a Silver Strikers ya ku Lilongwe, Jomo Cosmos ndi Ajax Cape Town a ku South Africa, komanso IFK Norrköping ya ku Sweden. M'timu ya dziko ya Flames amadziwika kwambiri ndi zigoli ziwiri zomwe adamwetsa pa mpikisano wa Africa Cup of Nations wa mu 2010 ku Angola. Choyamba cha zigolizo chidathetsa chilala cha zaka 26 chomwe Amalawi adakhala osaona mpira wawo ukugwedeza ukonde pa mpikisanowu.

Pomwe Mwafulirwa ankabadwa n'kuti Zomba itatha zaka zisanu ndi zitatu chichotsereni likulu la boma kupita ku Lilongwe mu 1975. Tauniyo idatsala ndi Nyumba ya Malamulo, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ndende yayikulu ndi sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College. Ntchito zoterezi zimasonkhanitsa anthu a m'maboma onse, choncho dzina la kumpoto ngati Mwafulirwa silidabwitsa munthu m'tsinde mwa phiri la Zomba. Mpira nawo sudasowepo m'tauniyi. Madzulo aliwonse ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Chikanda anyamata amaika miyala iwiri uku ndi iwiri uko, n'kuthamangitsana ndi chikulunga mpaka chisisira chitatsika m'phiri. Chomwe Zomba idasowa ndi ndalama za mpira. Kupatula Red Lions ya asilikali, matimu amphamvu ndi makampani owathandiza akhala ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo dzina la Mwafulirwa nalo lidayamba kumveka atavala yunifomu yamtambo ya Silver Strikers, timu ya Reserve Bank of Malawi yomwe bwalo lake lili ku Area 47.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, khomo lotulukira kunja kwa osewera ambiri a kuno lidali ku Johannesburg, kwa Jomo Sono. Mkuluyu adasewerapo limodzi ndi Pelé ku New York Cosmos, ndipo atabwerera kwawo adagula timu ya Highlands Park n'kudzaitcha Jomo Cosmos. Sono adali mwini wake komanso mphunzitsi, ndipo malonda ake adali odziwika: kutola anyamata aluso pa mtengo wotsika, kuwasula, kenako kuwagulitsa ku Ulaya. Phil Masinga ndi Mark Fish adadzera pakhomo pakepo. Adadzerapo Benjani Mwaruwari, mwana wa ku Bulawayo wa makolo ochokera ku Malawi, yemwe adakafika mpaka ku Portsmouth ndi Manchester City. Adadzeraponso Esau Kanyenda asadapite ku Rostov m'dziko la Russia. Mwafulirwa adaponda m'mapazi omwewo. Kwa wosewera kutsogolo, timu ngati imeneyi ndi msika wosagona: lero wamwetsa, mawa kwabwera mnyamata wina wochokera ku Maputo kapena ku Harare wofuna malo omwewo, ndipo mwini timu sakhala ndi chifukwa chodikirira munthu amene mwendo wake wazizira.

Kuchoka ku Cosmos, Mwafulirwa adalowera ku Ajax Cape Town. Timuyi idapangidwa mu 1999 pophatikiza Seven Stars ndi Cape Town Spurs mogwirizana ndi Ajax ya ku Amsterdam, ndipo inkadziwika ndi mpira wopatsirana pansi komanso kulera achinyamata. Mu ligi ya 2007/08 Ajax idathera pa nambala yachiwiri itafanana mapointi ndi SuperSport United, n'kuphonya chikho chifukwa cha kusiyana kwa zigoli kokha.

Mu 2008 Mwafulirwa adapita ku IFK Norrköping. Timuyi ndi yakale, ya mu 1897, ndipo ndi komwe Gunnar Nordahl ndi Nils Liedholm adachokera popita ku AC Milan. Koma Mmalawiyu adaipeza ili m'madzi. Idali itangokwera kumene mu ligi yayikulu ya Allsvenskan, ndipo chaka chomwecho idathera kunsonga kwa mchira n'kutsikira mu ligi yachiwiri ya Superettan, komwe idakhala zaka ziwiri.

Nyengo ya ku Sweden ndi yoyenera kuifotokoza pano, poti ikukhudza zomwe zidadzachitika ku Angola. Kumeneko ligi ya mpira imayamba chisanu chikamatha, cha mu Epulo, n'kutseka mu Okutobala kapena Novembala. Miyezi yotsalayo mabwalo amakutidwa ndi chipale, ndipo dzuwa limalowa nthawi yomwe ana a ku Zomba amakhala akuweruka kumene kusukulu.  Chisanu cha Juni cha pamwamba pa phiri la Zomba, chomwe chimachititsa ogulitsa mbatata ndi zipatso m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe kusonkha moto m'mawa, kumeneko angachiyese nyengo yabwino yoyanika zovala. Tanthauzo la zonsezi n'lakuti mu Januwale 2010 Mwafulirwa adali pa tchuthi cha ligi, atatha miyezi iwiri osasewera mpira wa mapointi, ndipo adali wosewera wa mu ligi yachiwiri.

Ulendo wa Flames wopita ku Angola udatsogoleredwa ndi Kinnah Phiri, yemwenso pa nthawi yake adali womwetsa zigoli woopsa ku Bullets. Mu 2008, m'masewero olimbirana malo, timuyi idathambitsa Djibouti 8-1, idagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya, kenako idapambana DR Congo 2-1. Ndime yomaliza idayamba ndi chisoni. Pa 29 Malichi 2009 ku Abidjan, anthu 19 adafa popanikizana pa bwalo tsiku lomwe Flames idagonja 5-0 kwa Ivory Coast. Koma kupambana Guinea 2-1 ku Blantyre ndi kulepherana 1-1 ndi Ivory Coast ya Didier Drogba kudakwanira kuti Malawi ithere pa nambala yachitatu m'gulu mwake n'kupeza malo. Kutsogolo Kinnah adali ndi anthu osankhapo: Kanyenda, Msowoya ndi Mwafulirwa.

Malawi idali itapitako ku mpikisanowu kamodzi kokha, mu 1984 ku Ivory Coast. Ulendo umenewo idalepherana 2-2 ndi Nigeria kudzera m'zigoli za Clifton Msiya ndi Harry Waya, idagonja 1-0 kwa Ghana, ndipo Algeria idaikwapula 3-0. Mayere a 2010 adaibweretseranso Algeria yomweyo pa masewero oyamba, pamodzi ndi Angola ndi Mali m'gulu A. Algeria idali itangopeza kumene malo ku World Cup pogonjetsa Egypt ku Omdurman m'dziko la Sudan, ndipo ambiri ankaona ngati masewerowa ndi ongokwaniritsa mwambo.

Masewerowa adaseweredwa Lolemba pa 11 Januwale masana, dzuwa likuswa mtengo, pa bwalo latsopano la 11 de Novembro ku Luanda lomwe mipando yake yambiri idali yopanda anthu. Pa mphindi ya 17 goloboyi wa Algeria, Faouzi Chaouchi, adatuluka kukachotsa mpira koma sadauchotse bwino. Udagwera Mwafulirwa, ndipo iye adaukankhira m'golo. Sichidali chigoli choti ana n'kumachiyeserera pa chikulunga, koma ntchito ya wosewera kutsogolo yagona pomwepa: kuthamangira mpira womwe anzake ataya kale mtima, ndi kupezeka pamalo pomwe mdani walakwitsa. Mwa mipira khumi yotere, isanu ndi inayi munthu amathamanga pachabe. Chigoli chimenecho chidasintha masewero onse, chifukwa Algeria idayenera kutuluka kufunafuna chobweza m'kutentha komwe osewera ake ambiri, ochokera m'nyengo yozizira ya ku Ulaya, adalephera kupirira. Mphunzitsi wawo Rabah Saâdane adadandaula za kutenthako masewero atatha, ngakhale yemwe adawatsegulira chigoli adachokera kozizira kuposa kwawo. Elvis Kafoteka adaonjezera chachiwiri ndi mutu chigawo choyamba chisadathe, ndipo Davi Banda adatseka nkhani atangobwerako kopuma. Zigoli zidathera 3-0, ngongole ya 1984 itabwezedwa ndendende, ndipo aka kadali koyamba kuti Malawi ipambane masewero pa mpikisanowu.

Patatha masiku atatu Flames idagonja 2-0 kwa eni bwalo, Angola, ndi zigoli za Flávio ndi Manucho. Masewero omaliza, olimbana ndi Mali, adali pa 18 Januwale ku Cabinda, chigawo chomwe zigawenga zidathira zipolopolo basi ya timu ya Togo masiku khumi m'mbuyomo. Malawi idalowa m'bwalo ili ndi mapointi atatu, Mali ili ndi imodzi. Mphindi yoyamba isadathe, goloboyi Swadick Sanudi adachotsa mpira molakwika ndipo Frédéric Kanouté adaubweza m'golo ali chapatali. Pa mphindi yachitatu Seydou Keita, yemwe nthawiyo ankasewera ku Barcelona, adamwetsa fulikiki. Anthu ambiri kumudzi adali asadakhazikike n'komwe pafupi ndi wayilesi.

Mwafulirwa adabweza chimodzi pa mphindi ya 58, ndipo kwa theka la ola lotsatira nkhani idali pa chigoli chimodzi chokha. Ku Luanda, Angola ndi Algeria zinkalepherana 0-0. Flames ikadafananitsa zigoli ikadakhala ndi mapointi anayi ngati Algeria, ndipo malamulo a mpikisanowo ankayang'ana kaye zotsatira za masewero a matimu ofananawo, pomwe Malawi idali ndi 3-0 m'thumba. Chigolicho sichidabwere. Mamadou Bagayoko adamwetsa chachitatu cha Mali kutatsala mphindi zisanu, ndipo matimu onse awiri adanyamula zikwama. Algeria, yomwe idamwetsa chigoli chimodzi chokha m'masewero atatu a m'gulu, ndiyo idapitirira mpaka ndime ya matimu anayi, ndipo mu Juni idakalepherana 0-0 ndi England ku Cape Town, mzinda womwe Mwafulirwa adasewerako.

Mwa zigoli zinayi zomwe Malawi idamwetsa ku Angola, ziwiri zidali zake. Atabwerera ku Sweden, Norrköping idathera pa nambala yachiwiri mu Superettan ya 2010 n'kubwerera mu Allsvenskan. Flames idatenganso zaka 12 isadapondenso pa mpikisanowu, ndipo nthawi yonseyo Mwafulirwa adali Mmalawi yekhayo wokhala ndi zigoli ziwiri kumeneko. Adamupitirira ndi Gabadinho Mhango mu Januwale 2022 ku Cameroon, yemwe adamwetsa ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi china chapatali pa masewero omwe Malawi idagonja 2-1 kwa Morocco mu ndime ya matimu 16.