Mapulogalamu Okonzera ndi Kusungira Zithunzi

Kamera ya katswiri ikajambula, nthawi zambiri siitulutsa chithunzi chomalizidwa. Imasunga fayilo ya RAW, yomwe imakhala ndi kuwala konse kumene kamerayo yalandira, kusanakonzedwe. Kamera za Canon zimaitcha fayiloyi CR3, za Nikon NEF, za Sony ARW. JPEG, yomwe mafoni ambiri amatulutsa, imasunga milingo 256 yokha ya kuwala pa mtundu uliwonse, pomwe RAW ya 14-bit imasunga milingo 16,384. Phindu lake limaoneka pa chithunzi cha ukwati chojambulidwa dzuwa lili paliwombo: mu JPEG diresi la mkwatibwi limangoyera mbee, zokongoletsa zake osaoneka, koma mu RAW nthawi zambiri zimatheka kuzibwezeretsa. Vuto ndi lakuti RAW imafuna pulogalamu yoitsegulira ndi kuikonza.

Photoshop, yomwe anaiyamba abale awiri, Thomas ndi John Knoll, inatulutsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1990. Ndi yabwino kwambiri pokonza chithunzi chimodzi mwakuya, koma siinapangidwire munthu amene wabwera kuntchito ndi zithunzi zikwizikwi. Mpata umenewu unadzazidwa ndi Aperture ya Apple mu 2005 komanso Lightroom ya Adobe mu 2007. Capture One, yochokera ku Denmark, imakondedwa m'masitudiyo chifukwa chithunzi chimaonekera pa kompyuta kamera ikangojambula.

Nzeru yaikulu ya mapulogalamu ngati Lightroom ndi Capture One ndi yakuti sakhudza fayilo yoyambirira. Wojambula akawonjezera kuwala, akachepetsa mthunzi, akawongola chithunzi chopendekeka, pulogalamu imangolemba malangizowo mu katalogi kapena m'kafayilo ka XMP kokhala pambali pa chithunzicho. Ngakhale patapita zaka, munthu atha kubwerera pomwe anayambira. Malangizo omwewo amatha kuperekedwanso kwa zithunzi mazana zojambulidwa pamalo amodzi, ntchito ya sabata n'kutha madzulo amodzi.

Mbali imene ambiri amainyalanyaza ndi ya kasungidwe, chonsecho ndiyo imapulumutsa wojambula. Kamera imalemba yokha tsiku, nthawi ndi lenzi yomwe yagwiritsidwa ntchito. Wojambula amawonjezerapo dzina la malo, mwambo, mwini chithunzi ndi mawu ofufuzira, n'kuika nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu posankha zabwino. Kasitomala akabwera patapita zaka zitatu kudzafuna chithunzi cha agogo ake, chimapezeka mosavutikira. Koma katalogi ikawonongeka popanda ina yapadera kapena mafayilo a XMP, zithunzi zimatsala, ntchito yonse yozikonza n'kupita. N'chifukwa chake akatswiri amasunga makope atatu, pa zipangizo ziwiri zosiyana, limodzi likukhala kunyumba ina kapena pa intaneti.

Mtengo nawo unasintha zinthu. Mu 2013 Adobe inasiya kugulitsa Photoshop yatsopano kamodzi n'kamodzi, n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo Lightroom inatsatira pambuyo pake. Apple inasiya kugulitsa Aperture mu 2015, ogwiritsa ntchito ake n'kuvutika kusamutsa makatalogi awo. Zimenezi zinakokera anthu ku mapulogalamu aulere monga darktable, RawTherapee ndi digiKam. Mapulogalamuwa amafuna kuleza mtima pophunzira, koma amawerenga RAW ya makamera ambiri, ndipo darktable imalemba malangizo a chithunzi chilichonse mu XMP yakeyake.